Lipoti la nkhani: magazi anati TB mulibe, mkodzo unaipeza

Chidule

Lipotili likunena za bambo a zaka 38, a ku Ntcheu, amene tinawapeza ndi TB yofalikira m'thupi pamodzi ndi HIV pa kiliniki ya boma imene ndimagwirako ntchito ya unamwino, kumwera kwa Johannesburg. Masabata angapo m'mbuyomo anali atayezetsa magazi pa kachipatala kena kolipira, ndi kachipangizo kofufuza ma antibody a TB (timapuloteni timene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo), n'kuuzidwa kuti chifuwa chachikulu alibe. Msuweni wawo, amene kachipangizo ka mtundu womwewo kanati ali ndi TB, sanapezeke nayo. Ndalembera anzanga a zaumoyo komanso Amalawi anzanga kuno ku Joni, chifukwa funso loti "bwanji osangondiyeza magazi?" ndimalimva kawirikawiri, ndipo si funso lopusa. Maina ndabisa, ndipo eni ake anavomera kuti ndilembe.

Mmene anafikira

Wodwala wa pa khadi anali msuweniyo, mnyamata wa zaka 27, wojintcha bwino, wotsuka magalimoto. Analowa atanyamula kapepala kolembedwa pamanja koti ayambe mankhwala a TB. Pambuyo pake panali bambo wowonda, atavala majekete awiri, amene anangotsamira khoma pakhomo. Nditawamva akunong'onezana m'Chichewa, Chingerezi ndinachisiya.

"Lowani bambo, mpando uwu."

"Iyayi anesi, wodwala ndi uyu. Ine ndangomuperekeza."

"Nanga inuyo mwayamba liti kupuma chonchi?"

"Ndi kuziziraku basi. Ine ndinayezetsa kale, anati ndilibe. Magazi sanama."

Lamba wawo anali ndi zibowo ziwiri zatsopano, zobooledwa ndi msomali, ndipo thalauza linali litakwinyikana m'chiuno.

Atavomera kukhala pansi, mbiri inali iyi. Amagwira ganyu wosamalira maluwa m'nyumba za ku Randburg, ndipo amagona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, zenera lake lotsekedwa ndi katoni nyengo yozizira. Kwa miyezi pafupifupi itatu ankatentha thupi madzulo ndi kutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa bulangete, ngakhale kuzizira kwa June kunali pachimake. Chakudya sichinkalowa. Chifuwa chinalipo koma chouma, chosatulutsa makhololo. HIV anali asanayezetsepo chibwerereni ku South Africa.

Ku kiliniki ya boma sanapite chifukwa tsiku lokhala pa mzere ndi tsiku lopanda ganyu, komanso ankaopa kufunsidwa mapepala. Mnzawo wina anawalozera kachipatala komwe "amayeza TB ndi magazi mphindi khumi". Anapita awiriwiri, aliyense n'kulipira ndalama yoposa ya ganyu wa tsiku lathunthu. Mnyamatayo anali atajambula tizipangizo tonse tiwiri pa foni: kapulasitiki koyera kofanana ndi koyezera malungo, kokhala ndi zilembo zitatu, C, G ndi M. Ka bambowa kanali ndi mzere umodzi pa C. Ka mnyamatayo kanali ndi mizere iwiri, pa C ndi pa G. Bambowa anapatsidwa amoxicillin ndi mavitamini n'kubwerera ku ntchito.

Zomwe tinapeza

Sikelo inali makilogalamu 49. Iwo akuti chaka chatha ankafika 61. Kutentha kwa thupi kunali 38.6, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, kupuma ka 24. Zikhatho ndi m'maso munali moyera. Pa lilime ndi m'masaya munali zigamba zoyera. Kudzanja lamanja kwa khosi kunali zotupa za mwanabere zitatu, zomamatirana, zosapweteka. M'chifuwa simunamveke zambiri, ndipo izi sizidabwitsa: chitetezo chikatsikiratu mapapo sachita mphako ngati za TB imene tinazolowera, choncho kumvetsera pachifuwa kumatha kukunamiza.

Tinawapatsa uphungu, n'kuvomera kuyezetsa HIV. Tizipangizo tonse tiwiri toyezera HIV tinasonyeza kuti kachilombo kalipo. Magazi anali ochepa, Hb 7.9. Makhololo tinayesa, koma m'kabotolo munangogwa malovu. Apa m'pamene tinapempha mkodzo.

Kayezedwe ka LAM, kofufuza TB mu mkodzo, n'kosavuta. Umadontheza mkodzo pang'ono, mamaikulolita 60, pa kapepala, n'kudikira mphindi 25, kenako n'kuyerekeza mzere wotulukawo ndi mizere ya pa kakhadi kobwera m'bokosi. Wa bambowa unatuluka woderapo kuposa mzere woyamba wa pa kakhadi, moti panalibe chokayikitsa. Tinawatumiza ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo kaamba ka kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa mtima. Kumeneko chithunzi cha pachifuwa chinaonetsa timadontho ting'onoting'ono todzaza m'mapapo onse awiri, ndipo kuunika m'mimba kunapeza zotupa za mwanabere ndi timabanga pa kapamba. Madzi amene anakoka ndi singano pa chotupa cha m'khosi anawayeza ndi Xpert Ultra, kayezedwe ka pa makina a GeneXpert kofufuza majini a kachilombo ka TB: kachilombo ka TB kanapezeka, ndipo sikanali kopirira mankhwala a TB a rifampicin. CD4, chiwerengero cha asilikali a chitetezo m'magazi, inabwera 41 yokha. Kuyeza kwa cryptococcus, kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi, m'magazi kunasonyeza kuti mulibe.

Chithandizo ndi mmene zinayendera

Anayamba mapiritsi ophatikiza rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, atatu pa tsiku malinga ndi sikelo yawo, kuwonjezapo pyridoxine woteteza ku dzanzi la m'mapazi ndi cotrimoxazole (bactrim). Popeza analibe zizindikiro za matenda oumitsa khosi, ma ARV anayamba patatha masabata awiri. Rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuchotsa dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'magazi, tsono pa piritsi la ma ARV la TLD tinawonjezera dolutegravir wina wa 50 mg womwa pakatha maola 12. Piritsi lachiwirili ndi limene odwala ambiri amalisiya, poganiza kuti wopereka mankhwala walakwitsa. Ndinawafotokozera m'Chichewa, mnyamatayo n'kutchera alamu pa foni. Dokotala anawapatsanso prednisone wa milungu inayi, wochepetsa kutupa komwe kumabwera chitetezo chikayamba kudzuka. Ngakhale zinali choncho chotupa cha m'khosi chinakulako m'mwezi wachiwiri, kenako chinaphwa chokha.

Pofika kumapeto kwa mwezi wachiwiri thukuta linali litatha. Sikelo itadutsa 55 tinakweza mlingo wa mankhwala. Pamene ndikulemba pano ali m'gawo lachiwiri la chithandizo, la rifampicin ndi isoniazid, ndipo abwerera ku ganyu.

Mnyamatayo analibe chizindikiro chilichonse. HIV analibe, chithunzi cha pachifuwa chinali choyera, Xpert ya makhololo sinapeze kanthu. Pamkono ali ndi chipsera cha katemera wa TB wa BCG monga tonsefe, ndipo anakulira pakhomo pa agogo ake amene anagwirapo ntchito ku migodi kudzera ku Theba n'kubwerera akutsokomola. Mankhwala a TB a miyezi 6 sitinamupatse. Tinamupatsa oteteza, rifapentine ndi isoniazid kamodzi pa sabata kwa masabata 12, chifukwa amagona chipinda chimodzi ndi wodwala. Mwa anzawo awiri otsalawo, mmodzi anabwera n'kupezeka ali bwino, winayo anali atasamuka.

Chifukwa chimene magazi anaphonyera onse awiri

Mawu a bambowa akuti magazi sanama ali ndi pochokera. Chala chomwecho chinabayidwa pa kiliniki yathu n'kunena zoona za HIV. Kwathu ku Malawi malungo timayeza ndi dontho la pachala m'mudzi momwe. Ndiye TB yavutiranji?

Tizipangizo timeneti timafanana maonekedwe koma sitifufuza chinthu chimodzi. Koyezera malungo kamasaka puloteni ya kachilombo keniko. Koyezera HIV kamasaka ma antibody, timapuloteni timene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. Pa HIV njira imeneyi imagwira chifukwa pafupifupi aliyense wotenga kachilomboko amapanga ma antibody olimbana ndi mapuloteni omwewo, ndipo aliyense amene ali nako afunika mankhwala. Kupezeka ndi ma antibody ndi kufunika chithandizo n'chinthu chimodzi.

Pa TB ziwirizi n'zosiyana. Akatswiri amayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi anakumanapo ndi kachilombo ka TB, koma mwa amenewo odzadwala ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse pa moyo wawo wonse, ngati chitetezo chili bwino. Ma antibody ali ngati mapazi a fisi pafupi ndi khola: amakuuza kuti anadutsapo, koma sakuuza ngati ali m'kholamo usiku uno. Mnyamata wokulira pakhomo pa wotsokomola, wobayidwa BCG, wolima ndi kumwa madzi momwe mumakhala tizilombo tina ta mtundu wa TB tosadwalitsa kwenikweni, mzere wa G ungatuluke pa chifukwa chilichonse mwa izi.

Vuto lachiwiri ndi kukula kwa kachilomboko. Mu 1998 asayansi atamaliza kuwerenga majini ake anapeza kuti alipo pafupifupi 4,000. Thupi la wodwala uyu limapanga ma antibody a mapuloteni awa, la uyo a mapuloteni ena. Kachipangizo kokhala ndi puloteni imodzi kapena ziwiri, monga ija yotchuka ya 38 kDa, kamagwira bwinoko odwala amene mapapo awo achita mphako ndipo makhololo adzaza tizilombo. Koma amenewo ndi omwe makhololo amawapeza mosavuta kale.

Vuto lachitatu ndi limene linagwera bambowa. Kuti thupi lipange ma antibody abwino pamafunika thandizo la asilikali a CD4. Munthu wa CD4 41 asilikali amenewo atsala ochepa. Tizilombo tinali tochuluka m'thupi lonse, koma thupi linalibe mphamvu yosiya chizindikiro chimene kachipangizoko kankafuna. Kayezedwe kodalira yankho la chitetezo kamafooka pa munthu yemwe amakafunitsitsa, amene sangatulutse makhololo ndipo imfa ili pafupi.

Taonani tsono kuti ma antibody ndi omwenso anawapulumutsa. Pa kapepala ka LAM paja pamakhala ma antibody opangidwa kale ku labotale, ntchito yawo kugwira lipoarabinomannan, chidutswa cha khungu la kachilombo ka TB chimene chimatsikira mu mkodzo matenda akafalikira. Pamenepa sitifunsa thupi la wodwala kuti liyankhe; tikusaka mdani mwini wake. N'chifukwa chake LAM imagwira bwino CD4 ikatsika kwambiri, mosiyana ndi kachipangizo ka magazi kaja. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaivomereza mu 2015 n'kukulitsa kagwiritsidwe ntchito kake mu 2019. Umodzi mwa maumboni ake unachokera kwathu: kafukufuku wa STAMP, wotuluka mu 2018, anachitikira ku chipatala cha Zomba Central ndi cha Edendale ku KwaZulu-Natal, ndipo anaonetsa kuti kuyeza mkodzo kumachepetsa imfa mwa odwala a CD4 yochepera 100 ndi ochepa magazi kwambiri, ngakhale kuti pa odwala onse pamodzi kusiyanako sikunali kotsimikizika. LAM nayo ili ndi malire. Ngakhale mwa a CD4 yotsika imapeza pafupifupi theka chabe, choncho mzere ukapanda kutuluka sitinena kuti TB mulibe.

Mbiri ya tizipangizo timeneti

Maloto oyeza TB ndi magazi ndi akale. Robert Koch analengeza za kachilomboka pa 24 March 1882, ndipo pofika 1898 Arloing wa ku France anali atayamba kale kuyesa magazi a odwala. Zaka zoposa 100 zinadutsa, tizipangizo tikugulitsidwa, makamaka m'maiko osauka. Mu 2008 WHO inatulutsa zotsatira za kuyesa tizipangizo 19 tapamsika: kabwino kwambiri kankapeza odwala pafupifupi 60 pa 100, koipitsitsa mmodzi pa 100. Mu July 2011 bungweli linachita zomwe linali lisanachitepo pa TB, kulangiza maiko kuti asagwiritse ntchito kayezedwe kena kake. Linati mayeso otere oposa miliyoni imodzi ankachitika chaka chilichonse, ena pa mtengo wofika madola 30. Dziko la India linawaletsa mu 2012. Mpaka pano palibe kachipangizo kofufuza ma antibody a TB kamene WHO yakavomereza.

Wina angati, nanga QuantiFERON si ya magazi? Inde, ndipo ndi yovomerezeka, koma sifufuza ma antibody. Imayeza mmene maselo a chitetezo amayankhira mapuloteni a TB, ndipo imangonena kuti munthu anakumanapo ndi kachilomboko. Sisiyanitsa wodwala ndi wosadwala.

Chifukwa chimene tikufunirabe kayezedwe ka magazi

Chiletso cha 2011 chinali cha tizipangizo tomwe tinali pamsika, ndipo chikalata chomwecho chinalimbikitsa kuti kafukufuku apitirire. Ine ndili kumbali ya ofufuzawo, chifukwa kudalira makhololo okha kumatisiyitsa anthu ambiri panjira. Ana aang'ono amameza makhololo. TB ya m'khosi, m'mimba ndi m'mafupa siituluka m'chifuwa. Ndipo kafukufuku woyamba wa dziko lonse la South Africa, wa 2018, anapeza kuti oposa theka la anthu opezeka ndi TB ya m'mapapo sananene chizindikiro chilichonse. Munthu wosatsokomola sabwera kudzapempha kabotolo.

Palinso mtengo. South Africa inayamba kugwiritsa ntchito GeneXpert mu 2011, ndipo ndi makina abwino zedi. Koma katiriji imodzi, yoyezera munthu mmodzi, inali madola 9.98 kuchokera mu 2012 mpaka mu 2023 pamene inatsika kufika 7.97, osawerengera makinawo, magetsi ndi galimoto yonyamula makhololo kupita ku labotale. Wodwala wa ganyu ukamuuza kuti abwerenso mkucha kudzamva zotsatira, ena sabweranso.

Chimodzi mwa zimene WHO inapempha mu 2014 si kachipangizo kolowa m'malo mwa Xpert ayi, koma kosankhira anthu oti apite ku Xpert: kopeza odwala osachepera 90 pa 100, kosanamizira athanzi opitirira 30 pa 100, mtengo wake wosaposa madola awiri. Tiyerekeze kuti pa kiliniki pabwera anthu 1,000 okayikitsa, 100 mwa iwo ali ndi TB. Kachipangizo kotere kangagwire odwala 90 ndi athanzi 270, tsono ku Xpert kungapite anthu 360 m'malo mwa 1,000. Ndalama yopulumukayo ndi yambiri. Koma odwala 10 abwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino, ndipo ngati khumiwo ndi a mtundu wa bambo a ku Ntcheu aja, ndiye kuti taphonya omwe afe msanga. Chiwerengero cha 90 pachokha sichindikhutiritsa. Ndimafuna kudziwa kuti ophonyedwawo ndi ayani.

Ofufuza masiku ano asintha njira. Ena akuika mapuloteni ambiri a kachilomboko pa kapepala kamodzi kuti wodwala aliyense agwidwe ndi imodzi mwa iwo, ngakhale kuti puloteni iliyonse yowonjezera imawonjezeranso athanzi onamiziridwa. Ena aleka kufunsa ngati ma antibody alipo n'kuyamba kuona mtundu wake: kafukufuku wotuluka mu 2016 anasonyeza kuti ma antibody a wodwala TB ndi a munthu amene anangokumana ndi kachilomboko amasiyana timashuga tomata kumchira kwake. Zimenezi n'zopatsa chidwi, koma kuzichotsa pa makina odula a ku labotale n'kuziika pa kapepala ka madola awiri ndi ntchito ina yaikulu. Enanso, kuphatikizapo magulu a ku mayunivesite a Stellenbosch ndi Cape Town, akuyang'ana zizindikiro zina za m'magazi, monga mapuloteni a kutupa ndi majini amene amadzuka munthu akamadwala TB. Chimodzi mwa izi chili kale m'manja mwathu: kuyambira 2021 WHO imalola kuyeza CRP, puloteni ya kutupa, kwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo ikaposa 5 mg pa lita munthuyo amafufuzidwa TB.

Tsiku lomwe kachipangizo katsopano kadzafike pa tebulo langa, choyamba kufunsa ndi chakuti kanayesedwa pa ndani. Tizipangizo takale tinkaoneka tabwino pa pepala chifukwa ambiri ankayerekeza odwala a makhololo odzaza tizilombo ndi anthu athanzi. Pa kiliniki sitisiyanitsa amenewo. Timasiyanitsa wa TB ndi wa chibayo, wa mphumu, wa fumbi la ku migodi m'mapapo, wa TB imene inachira zaka zisanu zapitazo koma ma antibody akadalipo. Kayesedwe pa mzere weniweni wa m'mawa, ku Soweto, ku Hillbrow, ku Ndirande, pa anthu obayidwa BCG, a HIV ndi opanda, ndipo zotsatira za a CD4 yochepera 100 zilembedwe pazokha, zisabisale m'chiwerengero cha onse. Kapirirenso kutentha kopanda firiji, apo ayi kadzathandiza Johannesburg n'kusiya Nsanje.

Kwa munthu wopanda HIV, kapena amene ali pa ma ARV ndipo chitetezo chabwerera, ndikuona kuti kachipangizo ka ma antibody kophatikizidwa ndi CRP kangathe kudzagwira ntchito yosankha anthu. Kwa a CD4 yotsikitsitsa sindikuyembekezerapo zambiri, chifukwa chovutacho chili m'thupi la wodwala, osati m'luso la wopanga. Kumeneko ndalama zikadapita pokonza ma antibody a ku labotale ogwira LAM mwamphamvu, kaya mu mkodzo kaya m'magazi. Kachipangizo katsopano ka mtundu umenewu ka ku Japan kanaonetsa poyamba kuti kamapeza odwala ochuluka kuposa komwe tikugwiritsa ntchitoka, koma katayesedwa m'maiko angapo kunapezeka kuti zotsatira zimasiyana malinga ndi gulu lomwe kanapangidwira ku fakitale. N'chifukwa chake m'kabati mwathu mukadali kapepala komwe kaja ka 2015.